Kompyuta yakale ikamangofuna kufomatidwa: kuikanso Windows 7 ndi kuisamala kuno ku Dedza

M'mashopu osindikiza mapepala pa Dedza boma, pa Linthipe mpaka ku Lizulu, komanso m'maofesi a sukulu ndi a mpingo, makompyuta ambiri amene akugwira ntchito ndi aja anabwera atagwirapo kale kunja: Dell OptiPlex 755 ndi 780, HP Compaq, ma ThinkPad akale. Ambiri mwa iwo ali pa Windows 7. Ikangoyamba kuvuta, mankhwala amene aliyense amathamangira ndi amodzi, kufomata, kutanthauza kufufuta zonse pa disk n'kuikanso Windows. Imayenda bwino milungu itatu kapena inayi, kenako matenda aja amabwerera, ndipo mumalipiranso wina kuti afomate. Nthawi zambiri Windows imakhala ilibe mlandu. Chovuta chimakhala kabatire, hard disk, RAM kapena magetsi, ndipo Windows yatsopano ikakhala pa zinthu zodwalazo imadwalanso.

Microsoft inasiya kusamalira Windows XP pa 8 April 2014, Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo Windows 10 pa 14 October 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya zaka za posachedwa, zomwe makompyuta amenewa alibe. Choncho amene akukhalabe pa Windows 7 sakuchita zachilendo, kungoti chitetezo chonse tsopano chili m'manja mwake.

Musanafomate, yesani zinthu zinayi izi

Yambani ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo kamene kali pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta. Nambala yake ndi CR2032 ndipo mphamvu yake ndi 3V. Ndi kamene kamasunga tsiku, nthawi ndi zonse zimene munasankha mu BIOS (kapulogalamu kamene kamayamba Windows isanayake) kompyuta ikazima. Kakatha, Dell imaima poyaka n'kukuuzani kuti mudine F1, HP imalemba "163-Time & Date Not Set", ndipo tsiku limabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Kabatire kofooka kamaonekera kwambiri m'mawa wa June ndi July kukazizira. Tsiku likalakwika, masamba a pa intaneti amakana kutseguka, amanena kuti kulumikizana kwanu si kotetezeka, ndipo anthu amaganiza kuti ndi vayirasi.

Choipa kwambiri n'chakuti BIOS ikaiwala, imathanso kusintha njira imene imalankhulira ndi hard disk. Njira zimenezi ndi IDE, AHCI ndi RAID. Ngati Windows inaikidwa SATA (polumikizira disk) ili pa IDE, kenako BIOS n'kubwerera pa AHCI kapena RAID, kompyuta imafika pa chizindikiro cha Windows, n'kuonetsa sikirini ya buluu yolembedwa 0x0000007B, n'kuyambiranso. Mafayilo onse amakhala ali bwinobwino. Lowani mu BIOS (F2 pa Dell ndi Acer, F10 pa HP, F1 pa ThinkPad), pezani SATA Operation kapena SATA Mode, sinthani, sungani, yatsaninso. Ikayaka, mwapeza vuto. Ikani kabatire katsopano. Kakale kakamawerenga pansi pa 2.7V pa mita yoyezera magetsi, katayeni. Makompyuta ambiri afomatidwa, zithunzi za ukwati ndi malipoti a sukulu n'kutayika, chifukwa cha kabatire kameneka.

Chachiwiri ndi hard disk. Ikani khutu pafupi. Ngati ikuti tiki, tiki, tiki mobwerezabwereza, kapena kompyuta imauma kwa mphindi yathunthu kanyali ka disk kali koyaka osaphethira, disk ikupita. Tsegulani pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo. Ikalemba "Caution" mwachikasu, onani mizere iwiri, Reallocated Sectors Count ndi Current Pending Sector Count. Manambala amenewa akamakwera tsiku ndi tsiku, koperani mafayilo anu lero lomwe ndipo musataye nthawi kuikapo Windows. SSD (disk yamakono yopanda zozungulira m'kati) ya SATA ya 120 GB kapena 128 GB imalowa pa chingwe chomwecho, ndipo palibe china chimene chimasintha liwiro la kompyuta yakale kuposa imeneyi. Mukaika SSD, BIOS ikhale pa AHCI musanayambe kuika Windows.

Chachitatu ndi RAM. Kompyuta ikamalira mabipi sikirini ili yakuda, kapena ikamabweretsa sikirini ya buluu ya manambala osiyanasiyana tsiku lililonse, zulani chingwe cha magetsi, gwirani chitsulo cha bokosilo kaye kuti magetsi a m'thupi atuluke, chotsani RAM. Pukutani mano ake agolide aja ndi labala yofufutira pensulo, sansani zinyenyeswa, bwezerani mpaka timapini ta m'mbali titseke tokha. Kenako yendetsani pulogalamu yoyesa RAM ya MemTest86+ kuchokera pa flashi mpaka izungulire kamodzi. Mzere wofiira ngakhale umodzi ndiye kuti RAM imodzi yawonongeka. Ziyeseni imodziimodzi kuti mudziwe yake. Pogula ina, dziwani kuti DDR2 ndi DDR3 sizilowerana, kampata kake kali pa malo osiyana. OptiPlex 755 imadya DDR2, pamene 780 imadya DDR3.

Chachinayi, yang'anani ma capacitor, timigolo tija taima pa motherboard. Pamwamba pake payenera kukhala posalala. Ngati patupa kapena patuluka zofiirira ngati dzimbiri, kompyuta izidzangozima yokha ngakhale muike Windows kakhumi. Ndipo ngati kompyuta yangofika kumene kuchokera ku America, tembenuzani bokosilo muone kumbuyo musanalumikize. Ma power supply ena akale ali ndi kaswitchi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi athu ndi 230V. Kakakhala pa 115 n'kulumikiza, mumva kuphulika ndi fungo la kupsa nthawi yomweyo.

Zoti mutenge musanafufute chilichonse

Mafayilo a mwini kompyuta ali mu C:\Users, pansi pa dzina lake. Koperani Desktop, Documents, Pictures, Downloads, ndipo mufunseni ngati ali ndi pulogalamu ya maakaunti kapena ya magiredi a ana imene imasunga zinthu zake kwina. Ngati Windows siikuyaka n'komwe, yatsani kompyuta ndi flashi ya Linux (pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windows) popanda kuiika, mudzaona disk yonse n'kukopera.

Chimene ambiri amaiwala ndi ma driver, timapulogalamu tothandiza Windows kuyendetsa chipangizo chilichonse. Windows 7 ikangoikidwa kumene, kawirikawiri siidziwa khadi la netiweki kapena la Wi-Fi, ndiye mumapezeka kuti mukufuna intaneti kuti mutsitse driver wa intaneti. Njira yake ndi yosavuta: musanafomate, koperani foda yonse ya C:\Windows\System32\DriverStore\FileRepository pa flashi. M'menemo muli ma driver onse amene kompyutayo ikugwiritsa ntchito, kuphatikizapo a pulinta. Adzagwira ngati mukubwezera Windows ya mtundu womwewo, 32-bit pa 32-bit, 64-bit pa 64-bit. Pa HP yang'ananinso ngati pali foda ya C:\SWSetup.

Jambulani ndi foni kapepala ka product key ka zilembo 25 kamene kali pambali pa bokosi kapena kunsi kwa laputopu, nthawi zina m'kati momwe mumalowa batire. Kamanenanso mtundu wa Windows, kaya Professional kaya Home Premium, ndipo key imagwira pa mtundu wake wokhawo. Ngati flashi yanu ikungoika mtundu umodzi, fufutani kafayilo ka ei.cfg mu foda ya sources, ndipo mitundu yonse idzaoneka kuti musankhe. Ma Windows aja amene anthu anawasintha n'kuwatcha Lite, Black kapena Super, asiyeni. Anachotsamo zinthu zimene ma update ndi mapulinta amadalira, ndipo simungadziwe zimene anaikamo.

Pa 32-bit ndi 64-bit musavutike mtima. RAM ikakhala 2 GB kapena kuchepera, ikani 32-bit. Ikakhala 4 GB kupita m'mwamba, ikani 64-bit, chifukwa 32-bit imangoona pang'ono kupitirira 3 GB. Koma ngati pulinta kapena sikana yanu yakale ili ndi driver wa 32-bit yekha, ndipo ndi imene imabweretsa ndalama pa shopupo, tsatirani pulintayo.

Poika, ndi pamene pamakonda kukanika

Konzani flashi ya 8 GB ndi Rufus, pulogalamu imene imaika pa flashi ISO, fayilo yoikira Windows 7. Ngati mukukonzera pa kompyuta ya Windows 7, mtundu womaliza wa Rufus umene umayenda pamenepo ndi 3.22. Pa Partition scheme sankhani MBR. Ngati m'kompyutamo muli ma disk awiri, zulani chingwe cha yachiwiriyo kaye, chifukwa Windows 7 imatha kuika mafayilo ake oyambira pa disk ina, ndipo tsiku limene mudzachotse disk imeneyo kompyuta siidzayaka. Poyatsa dinani F12 pa Dell ndi Lenovo, F9 pa HP, n'kusankha flashi.

Ikalemba kuti "A required CD/DVD drive device driver is missing", vuto si DVD ayi. Kawirikawiri ndiye kuti mwalowetsa flashi pa malo a USB 3.0, aja a buluu m'kati, amene Windows 7 siiwadziwa. Isamutsireni pa malo akuda, makamaka a kumbuyo kwa bokosi, n'kuyambiranso.

Ikakana disk ponena kuti ndi ya "GPT partition style", dinani Shift ndi F10 pamodzi. Lembani diskpart, kenako list disk, kenako select disk 0 ngati imeneyo ndiye disk yanu, kenako clean, kenako convert mbr. Lamulo la clean limafufuta disk yonse, gawo la mafayilo la D: lomwe, osafunsa kawiri. Onetsetsani kukula kwa disk pa list disk kuti musasankhe flashi kapena disk ya mafayilo.

Ikaima pakati pa "Expanding Windows files" n'kupereka 0x80070570, ndiye kuti fayilo ina yafika yowonongeka. Olakwa amakhala atatu: flashi, ISO imene munakopera, kapena RAM. Yesani flashi ina. Zikabwerezanso, siyani RAM imodzi yokha m'kati muyesenso.

Gawani disk pawiri. C: ikhale 60 mpaka 80 GB, yotsalayo ikhale D: ya mafayilo. Pa SSD ya 120 GB, 60 GB ikukwana. Windows idzapanga yokha kagawo ka 100 MB ka System Reserved, musakafufute. Ikayambiranso koyamba, zulani flashi kapena musadine batani lililonse, apo ayi muyambiranso kuika kuchokera pachiyambi.

Ikatha, tsegulani Device Manager. Chilichonse chokhala ndi chizindikiro chachikasu, dinani kumanja, Update Driver Software, Browse my computer, lozani ku foda ya FileRepository ija ndipo muchonge Include subfolders. Chikakanika, pitani pa Properties, Details, Hardware Ids. Manambala anayi otsatira VEN amanena kampani: 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 14E4 ndi Broadcom, 168C ndi Atheros. Otsatira DEV amanena chipangizo chenichenicho. Fufuzani ndi manambala amenewo pa foni, tsitsani driver ku tsamba la kampani yopanga kompyutayo, dutsitsani pa chingwe. Mapulogalamu aja olonjeza kupeza ma driver onse pakamodzi amadya bandulo ndipo amabwera ndi zinyalala zambiri.

Windows Update ikangozungulira osatha

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa ulesi. Windows 7 yatsopano imatha kukhala pa "Checking for updates" usiku wonse, purosesa ikutentha, bandulo ikutha, popanda chotuluka, kapena imapereka 80072EFE. Chifukwa chake n'chakuti kapulogalamu kofufuza ma update kamene kali pa DVD ndi kakale kwambiri, komanso kuyambira 2019 Microsoft imasaina ma update ake ndi njira yotchedwa SHA-2 yokha, imene Windows 7 yosakonzedwa siitha kuwerenga.

Musailole kuti ifufuze yokha. Pa Windows Update sankhani "Never check for updates", zulani intaneti, yambitsaninso kompyuta. Onani pa Computer, Properties ngati palembedwa Service Pack 1. Ngati palibe, yambani ndi KB976932. Kenako ikani awa motsatana, amene mwatsitsa kale ku Microsoft Update Catalog, kusankha x86 ya 32-bit kapena x64 ya 64-bit: KB3020369, kenako KB3172605, kenako KB3125574 imene yasonkhanitsa ma update a zaka zisanu kufika April 2016, kenako KB4490628 ndi KB4474419 zimene zimabweretsa SHA-2, kenako KB4536952, ndipo pomaliza KB4534310 ya January 2020. Iliyonse ikapempha kuyambiranso, iloleni. Mukadumpha dongosolo, imakuuzani kuti update siikugwirizana ndi kompyuta yanu, kapena imafika kumapeto n'kubwerera m'mbuyo. KB3125574 ndi yaikulu, mazana angapo a MB, ndipo pa hard disk yakale imatenga nthawi yoposa ola, choncho musaiyambe magetsi akuphethira. Tsitsani mafayilo amenewa kamodzi, muwasunge pa flashi yawoyawo, adzakuthandizani pa makompyuta ena onse osagulanso bandulo.

KB4534310 imatseka bowo limene vayirasi ya WannaCry inadzera mu May 2017, ndiye musaisiye. Ili ndi kachilema kamodzi: chithunzi cha pa desktop chimatha kusanduka chakuda ngati chili pa Stretch. Sinthani chikhale pa Fill.

Pa zotsegulira intaneti, Chrome inathera pa 109 ndipo Firefox inathera pa 115 ESR kwa Windows 7. Firefox imafuna KB4474419 ikhalemo kale. Mwa ziwirizi Firefox ndiyo yabwinoko, chifukwa imayenda ndi ziphaso zakezake za masamba, pamene Chrome 109 yakhala yosakonzedwa kuyambira 2023. Ngakhale zili choncho, za ku banki, mapasiwedi a ntchito ndi chilichonse chokhudza ndalama chitirani pa foni imene ikulandirabe ma update. Office 2016 ndi yomaliza kuyenda pa Windows 7.

Jambulani Windows yonse ikadali yoyera

Mukamaliza ma driver, ma update, Office ndi pulinta, musanalowetse flashi ya kasitomala aliyense, pitani pa Control Panel, Backup and Restore, Create a system image, kuti musunge chithunzi cha Windows yonse monga ilili. Imafuna hard disk yakunja ya NTFS kapena disk yachiwiri; pa flashi wamba imakana. Tsiku limene Windows idzasokonekere, yatsani ndi flashi ya Windows 7, sankhani Repair your computer, kenako System Image Recovery. M'malo mwa tsiku lathunthu, ntchito imatha pasanathe ola, zonse zili m'malo mwake, activation yomwe. Musasunge chithunzichi pa D: ya disk yomweyo, chifukwa disk ikafa zimapitira limodzi.

Maflashi a makasitomala

Pa shopu yosindikiza, flashi ya mwana wa sukulu imene yadutsa m'makompyuta khumi ndiyo khomo lalikulu la mavayirasi, kuposa intaneti. Pangani akaunti yachiwiri ya Standard user yogwirira ntchito tsiku ndi tsiku, ya Administrator ikhale ndi pasiwedi ndipo muzilowamo pokhapokha poika pulogalamu. Zimitsani AutoPlay mu Control Panel. Mu Folder Options chotsani chongi pa "Hide extensions for known file types", kuti fayilo yodzitcha CV koma yothera ndi .exe, .vbs kapena .lnk ionekere poyera.

Mukatsegula flashi n'kupeza mafoda onse asanduka ma shortcut okhala ndi kamuvi pakona, musadine ngakhale imodzi, chifukwa kudinako ndiye kuyatsa vayirasiyo. Mafayilo sanafufutidwe, angobisidwa. Tsegulani cmd (Command Prompt, polembera malamulo), lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ngati flashi ili pa E:. Mafoda enieni abwerera. Fufutani ma shortcut onse ndi mafayilo a .vbs amene simukuwadziwa. Zikabwereranso pa flashi yoyera, ndiye kuti vayirasi ili m'kompyuta: mu Task Manager imitsani wscript.exe, kenako mu msconfig pa Startup chotsani mzere umene ukuiyatsa. Njira yochepetsera zonsezi ndi kuuza makasitomala kuti atumize chikalata ngati PDF pa WhatsApp, inu n'kuchidutsitsa kuchokera pa foni yanu.

Magetsi, fumbi ndi mphezi

Magetsi akathima kompyuta ikulemba pa disk, poyakanso imatha kulowa mu Startup Repair n'kumangozungulira. Yambani mwasankha Start Windows Normally. Ikakana, dinani F8 poyaka musankhe Last Known Good Configuration. Ikakanabe, lowani ndi flashi ya Windows pa Repair your computer, Command Prompt, muyendetse chkdsk ndi /r pa gawo limene pali Windows. Dziwani kuti m'menemo kawirikawiri limaoneka ngati D: osati C:, ndiye lembani dir kaye muone. Ikalemba "BOOTMGR is missing", onani choyamba ngati simunaiwale flashi ya nyimbo ili yolowetsa. Ngati palibe, Startup Repair ya pa flashi imakonza zimenezi, nthawi zina mpaka muiyendetse kawiri kapena katatu, ndipo ikalephera lembani bootrec /fixmbr, bootrec /fixboot ndi bootrec /rebuildbcd.

UPS (bokosi la batire losunga magetsi) ya 650VA imakupatsani mphindi zochepa zoti musunge ntchito n'kuzimitsa bwino, basi, si yogwirira ntchito. Batire lake la 12V 7Ah limafooka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Liyeseni pozula chingwe kukhoma kompyuta ili yoyaka popanda ntchito yofunika. Pulinta ya laser musailumikize ku UPS, imakoka magetsi ochuluka potenthetsa. Mvula ya mabingu ikayamba kuunjikana paphiri, kuzimitsa pa switchi sikukwanira: zulani pulagi ndi chingwe cha netiweki. Amene ali pa sola kapena jenereta, laputopu yokhala ndi batire lamoyo ndiyo yoyenera kuposa desktop.

Fumbi la September ndi October, makamaka m'mashopu a m'mbali mwa msewu wa M1, limatseka zitsulo zoziziritsa purosesa ngati bulangete. Fani imalira kwambiri, kompyuta imachedwa, kenako imazima yokha masana. Miyezi itatu iliyonse tulutsani bokosi panja, lipemerereni ndi blower kapena pampu ya njinga, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira. Ngati kutentha kukufikabe 85°C mpaka 90°C, chotsani heatsink (chitsulo choziziritsa chija), pukutani ndi spirit thermal paste yakale youma, phala limene limakhala pakati pa chitsulocho ndi purosesa, ikani yatsopano yaikulu ngati njere ya mpunga pakati pa purosesa. Bokosi likhale pa tebulo osati pansi pa simenti, ndipo chitenje muzifunditsa kompyuta ikazima ndi kuzizira, osati ikuyaka. M'nyengo ya chiperoni, laputopu imene yachokera panja pozizira ipatseni theka la ola m'nyumba musanaiyatse, kuti chinyezi chiume.

Za Windows XP n'zachidule. Siidziwa AHCI, choncho ikani SATA pa IDE musanayambe, ikani Service Pack 3, ndipo musailumikize ku intaneti. Isungeni ngati pali pulinta, makina odulira zilembo kapena pulogalamu imene imakana china chilichonse. Ngati ntchito ya kompyutayo ili pa intaneti tsiku lonse, monga maimelo ndi mafomu a pa intaneti, ikani Linux Mint Xfce pa kompyuta ya 64-bit ya RAM ya 2 GB kupita m'mwamba, kapena antiX pa ya 32-bit. Zonse ziwiri zimayaka pa flashi popanda kukhudza disk, ndiye yesani kaye Wi-Fi, mawu ndi pulinta yanu, musindikize tsamba limodzi, musanadine Install.